Mphunzitsi Amene Anatsutsa Buku Lace Lomwe

(Mau amene mmodzi wa aphunzitsi athu acinyamata analankhula pa msonkhano wa cigwirizano cathu.)

Ndiimirira pamaso panu ndi manyazi, pakuti ndiri mwana pakati panu, ndipo ambiri a inu munayamba kugwira coko ine ndisanabadwe. Pamene a Komiti anandilembera kalata kuti ndidzalankhule za ana amene amabvutika kuphunzira, ndinafuna kukana, cifukwa setifiketi yanga ya uphunzitsi ikali yatsopano, ndipo zaka zimene ndaphunzitsa sizikwana zala za dzanja limodzi. Koma ndinabvomera popeza ndiri ndi mangawa kwa mtsikana wina wa m'kalasi mwanga, amene ndinamlakwira miyezi yambiri osadziwa. Za iyeyo ndinena patsogolo. Poyamba mundilole ndikufotokozereni za mphunzitsi wina wa ku England, dzina lace Mel Ainscow, amene anathera zaka zoposa 40 akulimbana ndi funso limodzi: kodi mwana akalephera m'sukulu, colakwa ciri mwa mwanayo, kapena ciri m'sukulumo?

Kuti timvetse nchito yace tiyenera kudziwa m'mene zinthu zinaliri ku England iye ali wacinyamata. Potsata lamulo la maphunziro la 1944, ana olemala anagawidwa m'magulu-magulu, monga osaona, osamva, opunduka, ndi gulu lina lalikulu la ana amene ankanenedwa kuti nzeru zao nzoperewera. Mwana anali kupimidwa ndi mayeso a nzeru, napatsidwa dzina la gulu lace, natumizidwa ku sukulu ya gululo. Analiponso ana ena amene ankayesedwa osaphunzitsika konse, ndipo iwowa sanali m'manja mwa a maphunziro iai, koma mwa a zacipatala, kufikira lamulo la 1970 linathetsa zimenezo. Makonzedwe awa anaoneka aukhondo pa pepala, koma munali tsankho m'kati mwace. M'caka ca 1971 Bambo Bernard Coard, wa ku Grenada, amene anali kuphunzitsa ku London, analemba kabuku kosonyeza kuti ana akuda a makolo ocokera ku West Indies anali kutumizidwa ku masukulu a operewera nzeru moculuka kopambana ana acizungu. Mayeso aja anali oumbidwa pa kalankhulidwe ndi miyambo yosiyana ndi ya kwao kwa anawo, ndiponso aphunzitsi sanayembekezere zambiri kwa iwo. Ife sitingadabwe nazo izi, ife amene taona mwana wocenjera pa nchito zonse za kumudzi ali kakasi cifukwa wafunsidwa m'Cingelezi cimene amacimva m'kalasi mokha. Pambuyo pace, mu 1978, komiti ya Boma yotsogozedwa ndi Mai Mary Warnock inati mwana mmodzi mwa ana 5 adzasowa thandizo lapadera pa nthawi ina ya maphunziro ace, cikhalireco ana okhala m'masukulu apadera anali ngati 2 okha mwa 100. Ndiko kuti unyinji wa ana obvutika unali kale m'makalasi wamba, onga anu ndi langa.

M'zaka zimenezo Bambo Ainscow anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapadera ya ana ocedwa kuphunzira ku Walsall, pafupi ndi Birmingham. Mu 1979 iye ndi mnzace David Tweddle anaturutsa buku lochedwa Preventing Classroom Failure, lonena za kuletsa kulephera m'kalasi. Njira yao inali yotere: mphunzitsi aduledule nchito m'tizigawo ting'ono-ting'ono, alembe momveka cimene mwana ayenera kukhoza pa kagawo kali konse, aphunzitse kamodzi-kamodzi, ayese mwanayo kawiri-kawiri ndi kulemba zotsatira, ndipo asapitirire kufikira mwana wakhoza. Aphunzitsi ambiri analikonda bukulo, ndipo ine sindilinyoza, pakuti linacotsa ulesi uja womangosunga ana obvutika m'sukulu osawaphunzitsa kanthu. Zina za m'menemo zifanana ndi zimene ife tinaphunzira ku koleji.

Koma cimene candicititsa kuti ndimuchule munthuyu lero ndi cimene cinacitika pambuyo pace. Atasiya ukulu wa sukulu anakhala mlangizi wa masukulu ku Coventry, ndipo kenaka mphunzitsi wa aphunzitsi ku Cambridge, cotero anapeza danga lokhala m'makalasi ambiri-mbiri ndi kupenyerera. Pang'ono ndi pang'ono anazindikira kuti njira yolunjika pa mwana mmodzi payekha iri ndi zoipa zace zobisika. Mwana akapatsidwa dzina lakuti ngwobvutika, aphunzitsi amacepetsa ciyembekezo cao pa iye. Amapatsidwa tinchito tace tapadera pambali, pamene anzace ali kukambirana nthano, kutsutsana ndi kuseka, ndipo iye amene anasowa zambiri ndiye alandira zocepa. Mphunzitsi wa kalasi amayamba kuganiza kuti mwanayo si wace, koma ngwa katswiri wina amene adzabwera. Ndipo coipa copambana ndi ici, cakuti kaphunzitsidwe ka kalasi lonse kamakhala cikhalire, osafunsidwa konse, ngakhale kuti ndiko kamene kanalepheretsa mwanayo poyamba, ndipo kadzalepheretsanso ena caka camawa. Ziri ngati munthu wokapa madzi m'nyumba usiku wonse osakwera pa denga kukaona podontha.

Mu 1988 anthu awiri omwewo analemba buku lina, Encouraging Classroom Success, limene linacotsa maso pa zofoka za mwana ndi kuwaika pa moyo wa kalasi lonse. Ndipo m'zolemba zace za pambuyo Bambo Ainscow sanabise kuti maganizo ace oyamba anali operewera. Akulu-akulu anga, inu mudziwa kupambana ine kuti sicapafupi kwa munthu wochuka ndi buku lace kubwerera ndi kunena kuti panali polakwika. Ife tomwe timalemedwa kubvomera pamaso pa ana kuti samu imene talemba pa bolodi njolakwa.

Caka comweco ca 1988 bungwe la UNESCO linayamba nchito yokonza zophunzitsira aphunzitsi za ana obvutika m'makalasi wamba, ndipo iye ndiye anaitsogolera. Zophunzitsirazo zinayesedwa m'maiko 8, ndipo mwa iwo munali Kenya ndi Zimbabwe, zisanafalitsidwe mu 1993. Sizinali mndandanda wa matenda ndi maina ace obvuta. Zinali zolimbikitsa aphunzitsi kukhala m'timagulu, kukambirana za makalasi ao, kukonzera pamodzi phunziro, kupenyererana pophunzitsa, ndi kuphunzitsa ana kuthandizana okha-okha. M'mwezi wa June 1994 nthumwi za maboma 92 ndi mabungwe 25 zinasonkhana ku Salamanca m'dziko la Spain, ndipo Bambo Ainscow anali mmodzi wa alangizi a nchitoyo. Msonkhanowo unagwirizana kuti masukulu wamba azilandira ana onse, ndipo pochula anawo sunalekeze pa olemala okha, koma unaphatikizapo ana okhala m'miseu, ana ogwira nchito, ana a mitundu yosamuka-samuka, ana a zinenero za anthu ocepa, ndi ana a mphatso zapadera omwe. Apa mpamene nkhani ya maphunziro apadera inasanduka nkhani ya cilungamo kwa ana onse. Patapita zaka 2, mu 1996, Boma lathu linalemba m'makonzedwe ace ochedwa Educating Our Future kuti, monga momwe kungathekere, ana osowa thandizo lapadera aziphunzira pamodzi ndi anzao.

Tsono ndibwere kwa mtsikana uja. Caka catha ndinali ndi ana 74 m'Giredi 3. Iye anali wa zaka 10, wamtali kupambana anzace, ndipo potsata mwambo wathu wakuti atali akhale kumbuyo ndinamuika pa benchi lomariza. Anali wofatsa ndi waukhondo, ndipo zolembedwa pa bolodi anali kuzikopera bwino ndithu. Koma ndikamfunsa funso ankangondiyang'ana, ndipo pa mau olembetsa pakamwa sanali kukhoza ngakhale limodzi. Ndinayesa njira imene ndinaidziwa: ndinamlembera tinchito tapafupi tace-tace, ndi kumsiya nato kumbuyo komweko. Potseka temu yoyamba agogo ace, amene amamlera, anabwera kudzafunsa za iye, ndipo ine ndinati, "Agogo, mwanayu samva." Ndinatanthauza kuti mutu wace sugwira zinthu. Iwo anagwedeza mutu nati, "Ngati ndi tero, aphunzitsi, tikakolola akhale pakhomo azindithandiza kudimba, pakuti ine ndakalamba." Ndipo ine, ndinene zoona, sindinawaletse ndi mphamvu.

M'temu yaciwiri mphepo inasasula denga la cipinda ca Giredi 1, ndipo amai amene amaphunzitsa kalasilo, amene aphunzitsa zaka zambiri, ankabwera kudzakhala kumbuyo kwa kalasi langa ndi kuconga mabuku ao ataweruka ana ao. Sindinawapemphe kuti andipenyerere, ndipo ndikadadziwa kuti ali kutero ndikadacita mantha. Tsiku lacitatu, ana ataturuka, anandiitana nati, "Aphunzitsi, kodi mudziwa kuti mumalankhula ndi bolodi?" Ndinasowa coyankha. Iwo anati nthawi zambiri ndimafotokoza nditafulatira ana, ndiri kulemba. Kuti mafunso anga pafupi-fupi onse amagwera pa mabenchi awiri akutsogolo. Ndi kuti ndikafunsa sindidikira, koma ndimalozeratu woyamba kukweza dzanja. Ndipo anatinso, "Mtsikana wamtali uja amapendeketsa mutu kuti khutu lamanzere liloze kwa inu, ndipo sayamba nchito asanaone cimene mnzace wayamba. Mwanayo si wopusa iai. Kamfunseni za makutu ace."

Tinapita naye ku cipatala caching'ono ca kwathu pamodzi ndi agogo ace, ndipo kunapezeka kuti khutu lamanja linali kuturuka mafinya kuyambira ali wamng'ono, ndipo silimva kweni-kweni. Mau amene ndinanena kwa agogo aja anali oona, koma m'njira imene ine sindinaiganizire. Mwanayo sanali kumva ndithu, ndipo ine ndinamuika pa malo akutali kopambana onse m'cipindamo.

Zimene ndinasintha nzazing'ono, ndipo sizinalire ngwee. Ndinamkhazika kutsogolo, ca kumbali, kuti khutu labwino likhale kwa ine. Ndinadziletsa kulankhula ndiri kulemba: ndimalemba, nditembenuka, ndipo pamenepo ndilankhula. Mwana wina akayankha motsitsa ndimabwereza yankho lace mokweza. Ndikafunsa funso ndimawerenga cakumtima kufikira 5 ndisanaloze munthu, ndipo kawiri-kawiri ndimati ayambe auzana awiri-awiri. Mtsikanayo anayamba kuyankha, inde. Koma cimene cinandidabwitsa ndi cakuti anyamata ena a kumbuyo, amene makutu ao ali bwino lomwe, amene ndinali nditawaika kale m'mtima mwanga pa gulu la aulesi, anayambanso kukweza manja. Pamene ndinawerenga za Bambo Ainscow pambuyo pace ndinapeza kuti ici ndico anakhala akunena zaka zonsezo, kuti mwana wobvutika ali ngati mboni yotiululira zimene ziri kusautsa ana ambiri mwakacetecete, ndi kuti cosinthidwa cifukwa ca iye cimathandiza kalasi lonse.

Ndipo taonani amene anandithandiza. Sanali katswiri wocokera ku Lusaka, koma mphunzitsi mnzanga wa khomo loyandikana, amene nzeru zace zinali pomwepo zaka zonse, osafunsidwa ndi munthu. Pa mfundo iyi mpamene nchito ya Bambo Ainscow inakhudza dziko lathu. Mu 1997, iye ali profesa pa Yunivesite ya Manchester, kumeneko kunakhazikitsidwa bungwe lochedwa Enabling Education Network, logawana nzeru za maphunziro a ana onse, maka-maka zocokera ku maiko osauka. Bungwelo linagwira nchito ndi aphunzitsi a masukulu a ku Mpika, kumene aphunzitsi anali atayamba kale kuphatikiza ana awiri-awiri, wolemala ndi wosalemala, kuti azithandizana pa njira ndi m'kalasi. Aphunzitsiwo analimbikitsidwa kupenya makalasi ao, kukambirana, ndi kulemba zimene apeza. Ndipo mu 2003 zolemba zao zinasonkhanitsidwa m'kabuku kochedwa Researching Our Experience. Olemba ace anali aphunzitsi a pulaimale onga ife, a makalasi odzaza ndi mabuku osakwanira. Ine ndinakula ndi maganizo akuti kufufuza ndi nchito ya anthu a madigiri, ndipo yathu ndi kulandira zotsatira. A ku Mpika anaonetsa kuti si tero.

Za zaka zace zotsatira ndinena mwacidule. Mu 2000 iye ndi Bambo Tony Booth ndi anzao anaturutsa Index for Inclusion, buku la mafunso amene sukulu idzifunsa yokha za miyambo yace, malamulo ace ndi kacitidwe kace. Boma linalitumiza ku masukulu a ku England, ndipo linamasuliridwa m'zinenero zambiri. M'bukumo analeka kufunsa kuti mwana ali ndi bvuto lanji, nayamba kufunsa kuti copinga nciani pakati pa mwanayo ndi kuphunzira, ndipo acicotse ndani. Kuyambira 2008 kufikira 2011 anali mlangizi wamkulu wa nchito ya Boma yokweza masukulu oposa 1,100 a m'dera la Greater Manchester, ndipo njira yace inali yomweyo ya amai a Giredi 1 aja, koma yokulitsidwa: sukulu yolimba ndi sukulu yofoka zinali kuphatikizidwa kuti aphunzitsi aziyenderana, ndipo kunapezeka kuti yothandizayo imapindulanso. Mu 2012 analandira ulemu wa CBE, ndipo mu 2017 anatsogolera kulemba kwa buku la UNESCO lolangiza maboma za cilungamo m'maphunziro.

Komatu ndisakunamizeni kuti onse anabvomerezana naye, kapena kuti ine ndibvomereza zonse popanda funso. Mai Warnock omwe aja analemba mu 2005 kuti kuika ana onse m'masukulu wamba kunapweteka ana ena, amene anali m'kalasi ndi thupi lokha, osungulumwa ndi osekedwa. Msonkhano wa ku Salamanca womwe unabvomereza kuti ana osamva konse, ndi amene ali osamva ndi osaona pamodzi, angathandizidwe bwino kopambana m'masukulu kapena m'makalasi ao-ao, cifukwa ca cinenero ca manja. Ife a kuno kum'mawa tiri ndi cifukwa cokumbukira zimenezi, pakuti ku Magwero, pafupi ndi Chipata, ndiko kumene Mai Issie Hofmeyr a mishoni ya Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa osaona mu 1905, pamene panalibe wina ali yense wowaganizira m'dziko lino. Ndipo sukulu ya osamva inatsegulidwa komweko mu 1955. Boma linadzasenza udindo wa maphunziro apadera mu 1971, caka cimene koleji yophunzitsa aphunzitsi ace inatsegulidwa ku Lusaka. Mwana wosaona asowa zilembo za Braille ndi munthu wozidziwa, ndipo ngakhale ndimsunthire kutsogolo kangati, sindidzampatsa zimenezo. Ndiopanso kuti mau okoma akuti ana onse aphunzire pamodzi angasanduke pobisalira, kuti mwana aponyedwe m'kalasi la ana 80 popanda cothandizira ciri conse, ndipo tinene kuti tacita cilungamo. Kuyambira 2022, pamene malipiro a sukulu anacotsedwa, ana ambiri amene anali kukhala kumudzi anabwera, ndipo ici ncokondweretsa. Koma mudziwa nokha m'mene zipinda zathu zinadzazira.

Maganizo anga ndi awa. Ana osowa katswiri weni-weni alipo, ndipo tiyenera kuwafunira malo ndi kulembera akulu a maphunziro kosaleka kufikira atathandizidwa. Koma iwowa ndi ocepa. Unyinji ndi wa ana onga mtsikana wanga: wa khutu limodzi, wa maso osaona patali, wobwera ndi njala, wojomba masiku a dzinja cifukwa mtsinje wadzaza, wolankhula Cinsenga kapena Citumbuka kwao pamene ife tiphunzitsa m'Cinyanja. Awa sadzapita ku Magwero, ndipo sayenera kupitako. Ngati sitiwaona ife, palibe adzawaona.

Cifukwa cace ndiri ndi pempho limodzi kwa cigwirizano cathu, ngati a Wapampando alola kuti likambidwe. Tisanakumanenso, mphunzitsi ali yense apeze mnzace mmodzi, wa pa sukulu pomwepo kapena pa sukulu yoyandikana, ndipo apenyererane phunziro limodzi-limodzi. Wopenyererayo asabwere monga woyendera masukulu, asalembe lipoti lopita kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo asaweruze. Angokhala kumbuyo ndi pepala lojambulapo mabenchi, naika kacizindikiro pa malo pamene funso lagwera. Asankhenso ana awiri acete ndi kupenya zimene acita kuyambira poyamba kufikira pomariza. Pambuyo pace awiriwo akambirane paokha. Amene angafune alembe tsamba limodzi la zimene anapeza, osachula dzina la mwana, ndi kulipereka kwa a Mlembi, kuti mwina zina zisindikizidwe m'kalata yathu ya miyezi itatu. Ndidziwa kuti ena a inu akulu mudzati nkobvuta kuti mwana wa dzulo akhale kumbuyo kwa kalasi lanu. Ngati ndi tero, yambani ndinu kubwera m'makalasi athu, ife tidzakondwa.

Mtsikana uja tsopano ali m'Giredi 4, m'manja mwa mphunzitsi wina, amene ndinamfotokozera za khutu ndi za malo okhala. Amawerenga Cinyanja bwino, koma pa samu akali m'mbuyo, cifukwa ca zaka zimene anakhala osamva zofotokozedwa. Agogo ace anabvomera kuti apitirize caka cino. Za caka camawa anati tidzakambirana akatha kukolola.